Nyanja yamchere iyambira ku mapiri a Angónia

Pa msika wa Ulónguè, pa Domué, pa Furancungo ngakhale pa chipata cha Zóbuè, ndiwo imene imayamba kutha ndi nsomba. Pali kapenta wa ku Cahora Bassa, pali nsomba ya Chicoa yothira mchere, pali usipa wodutsa malire kuchokera ku Malawi, ndiponso pali karapau wozizira amene amatsika m'galimoto ali m'makatoni. Mayi wogula karapau atatu kuti ana adyere nsima madzulo, kawirikawiri sanaionepo nyanja yamchere chibadwire. Kuchokera ku Angónia kukafika ku Beira ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo ndi ochepa amene ali ndi chifukwa chouyendera. Nchifukwa chake wailesi ikamanena kuti mayiko agwirizana zoteteza zamoyo za m'nyanja, anthu ambiri a m'maboma a m'malire amangoti imeneyo ndi nkhani ya anthu a ku gombe ndi akuluakulu a ku New York. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kudzaonekera pa mtengo wa ndiwo.

Karapau wambiri wodyedwa m'dziko muno sagwidwa m'madzi a Mozambique ayi. Amachokera ku Namibia, ku nyanja ya Atlantic, tsidya lina la Africa, ndipo amafika kuno atayenda makilomita zikwi zingapo. Dziko la Namibia lomwelo lili ndi mbiri imene aliyense wodya karapau ayenera kuimva. M'madzi a kumeneko munali sardinha wochuluka zedi, mwakuti m'chaka cha 1968 chokha sitima zinakoka matani opitirira 1 miliyoni. Anthu ankati nsomba imeneyi singathe. Inatha. Pofika chaka cha 2018 boma la Namibia linachita kuletsa kugwira sardinha, ndipo oika nsomba m'zitini ankachita kukagula nsombayo ku mayiko ena. Chimene chinaonekera sardinha chingathe kuonekeranso karapau. Tsiku limenelo likadzafika, mayi wa ku Ulónguè adzalimvera m'thumba, ngakhale kuti sadziwa kumene kuli Walvis Bay.

Nthambi ya United Nations yoona za chakudya, FAO, yakhala ikuwerengera nsomba za m'nyanja kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1974, mwa magulu 10 alionse a nsomba, gulu limodzi lokha ndilo linkagwidwa mopyola muyezo woti nsombazo zingathe kuswana ndi kubwereranso. Lero magulu otero aposa atatu mwa 10 alionse. Chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa. Sitima za masiku ano zili ndi makina oona nsomba pansi pa madzi, zili ndi makoka akuluakulu osesa chilichonse, zilinso ndi mafiriji osunga nsomba miyezi ingapo osabwerera ku doko. Zambiri mwa sitimazi sizikanafika kutali chotero ndi ndalama zawo zokha. Maboma a kwawo amazithandiza kugula mafuta. Akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2018 maboma anapereka pafupifupi madola 22 biliyoni pa thandizo lotere, lolimbikitsa kugwira nsomba mopitirira.

Malinga ndi lamulo la nyanja limene mayiko anasaina m'chaka cha 1982, dziko lililonse la m'mbali mwa nyanja lili ndi ulamuliro pa nsomba ndi chuma china kuyambira pa gombe kukafika mtunda wa makilomita pafupifupi 370. Kupitirira pamenepo ndi nyanja yopanda mwini, ndipo imeneyo ndiyo yaikulu, pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a nyanja zonse. Munthu wa kumudzi akudziwa bwino chimene chimachitikira dambo lopanda mwini. Aliyense amadyetsamo ng'ombe zake, aliyense amamweta udzu usanakhwime poopa kuti mnzake amutsogolera, ndipo pomaliza pamatsala fumbi lokhalokha. Malamulo ena analipo okhudza nsomba zina monga atum, koma panalibe njira yoti mayiko onse pamodzi anene kuti malo akutiakuti atsekedwe kuti zamoyo zipumeko.

Njira imeneyo inapezeka mu Juni 2023, pamene mayiko a mu United Nations anavomereza pangano la nyanja yopanda mwini, atakambirana kwa zaka pafupifupi 20. Mu Seputembala 2025 mayiko olitsimikiza anakwana 60, ndipo zimenezi zinatsegula njira yoti liyambe kugwira ntchito pa 17 Januwale 2026. Dziko loyandikana nalo la Malawi, limene lilibe gombe la nyanja yamchere ngakhale phazi limodzi, linali m'gulu la mayiko amene analitsimikiza m'chaka cha 2025. Panganoli likulola kupatula malo otetezedwa pakati pa nyanja, likulamula kuti ntchito yaikulu iliyonse iyambe yaunikidwa ngati siiononga zamoyo, likutinso phindu lochokera ku tizamoyo ta m'nyanja topangira mankhwala ligawidwe ndi mayiko osauka omwe. Pali mapangano enanso awiri oyenda nalo limodzi. Ku Montreal mu Disembala 2022 mayiko analonjeza kuteteza magawo 30 pa 100 a nthaka ndi nyanja pofika 2030, ngakhale kuti pofika 2024 gawo la nyanja lotetezedwa linali 8 pa 100 chabe. Ndipo pangano la bungwe la zamalonda la WTO, loletsa maboma kupereka ndalama kwa sitima zakuba nsomba, linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2025.

Mapangano amenewa ndi abwino ndipo ndi oyenera kuwachirikiza. Koma nsomba zambiri sizibadwira pakati pa nyanja. Zimabadwira ndi kukulira m'mphepete, pamene madzi a mtsinje amakumana ndi madzi amchere, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikuwapeza anthu a kumtunda ali pakhomo pawo.

Mvula yogwa pa mapiri a Angónia imatsikira mu Revúbuè, ndipo Revúbuè amakathira mu Zambezi pa mzinda wa Tete. Madzi a ku Macanga ndi Chifunde amatsata Luia. Luangwa amalowa pa Zumbo, Shire amalowa kumunsi kwa Mutarara. Onsewa amakathera pamodzi ku Chinde ndi Marromeu, kumene Zambezi amagawika m'timitsinje tambiri asanalowe m'nyanja ya India. Kumeneko kuli nkhalango za mangal, mitengo yomera m'matope a madzi amchere, imene mizu yake imaonekera pamtunda ngati miyendo ya nkhokwe. M'mizu imeneyi ndi momwe mumabisala ana a nsomba, nkhanu ndi kamarau kufikira atakula. Madzi osefukira a dzinja akafika, amawatengera kunja ku nyanja, ku malo osaya otchedwa Banco de Sofala, kumene asodzi amawagwira. Kamarau wa kumeneku kwa zaka zambiri anali mmodzi wa katundu wobweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno, ndipo amene anakhalapo m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira kuti pamene minda inasiyidwa chifukwa cha nkhondo, kamarau ndi korosho ndiwo ankagwiriziza chuma cha dziko.

Kuyambira pamene damu la Cahora Bassa linatseka mtsinje m'chaka cha 1974, Zambezi sayendanso monga mwa nyengo. Madzi a dzinja amasungidwa, nkumatulutsidwa pang'onopang'ono chaka chonse kuti makina a magetsi asaime. Ofufuza anapeza kuti kamarau amachuluka pa Banco de Sofala m'zaka zimene mtsinje wayenda mwamphamvu m'dzinja, ndipo amachepa pamene madzi afika mosatsata nyengo. Matope achonde amene kale ankamanga gombe, tsopano ambiri amatsalira pansi pa damu, ndipo tauni ya Chinde yakhala ikudyedwa ndi nyanja. Palibe amene akunena kuti damu ligumulidwe. Koma pamene damu lachiwiri likukonzedwa pa Mphanda Nkuwa, funso loti madzi azitulutsidwa liti ndiponso mochuluka bwanji ndi funso la msodzi wa ku Chinde monga momwe lilili funso la injiniya wa ku Songo.

Pali mfundo ina imene anthu a m'malire ayenera kuigwiritsa. Revúbuè, Luia ndi Shire amalowa mu Zambezi kumunsi kwa khoma la Cahora Bassa. Chimene mitsinje imeneyi yanyamula palibe chochitchinga, chimapita molunjika ku mangal. Phiri likametedwa mitengo chifukwa cha makala ndi milimo ya zigafa za fodya, madzi a mvula salowanso pansi. Amatsika tsiku limodzi ndi ukali, ndipo pofika Okutobala mtsinje wauma. Wopopera mbatata mankhwala akatsukira mpope wake mu mtsinje, mankhwalawo amayenda. Wokumba golide akagwiritsa ntchito mercúrio, chitsulo chamadzimadzi chija sichiola; chimakhala m'matope zaka ndi zaka, chimalowa mu mnofu wa nsomba, ndipo pomaliza chimalowa mwa mwana wodya nsombayo. Majumbo a pulasitiki otayidwa kuseri kwa msika nawo ali ndi kopita kwawo.

Mangal si chisa cha nsomba chokha, ndi lingansotu. Namondwe wa Idai atagunda Beira mu Malichi 2019 anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ndipo Freddy, amene analowera ku Quelimane mu Malichi 2023, anafika ndi mvula yake mpaka ku Milange ndi kumwera kwa Malawi. Mphepo siingaletsedwe, koma mafunde akadutsa m'nkhalango ya mangal amafika ku nyumba za anthu atachepa mphamvu. Komabe mitengo yomweyi ikudulidwa kuti ikhale makala ndi mitengo yomangira m'mizinda ya ku gombe, chifukwa munthu wosowa chodya lero saganiza za namondwe wa chaka chamawa.

Dziko la Mozambique, lomwe gombe lake ndi lotalika makilomita pafupifupi 2,700, silinangokhala manja lende. Zilumba za Bazaruto zinapatulidwa kale m'chaka cha 1971, ndipo kumeneko ndi kumene kwatsala gulu lomaliza lokhazikika la dugongo ku East Africa konse, nyama yofatsa yoyamwitsa imene imadya udzu wa pansi pa nyanja monga ng'ombe idyera m'dambo. Zatsala mazana ochepa chabe, ndipo m'chaka cha 2022 bungwe la IUCN linaziika m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu. Kuyambira 2017 boma likuyendetsa malowa mothandizana ndi bungwe la African Parks. Paki ya Quirimbas inakhazikitsidwa mu 2002, zilumba za Primeiras ndi Segundas zinatetezedwa mu 2012, madambo a Marromeu analowa m'kaundula wa pangano la Ramsar mu 2004, ndipo mbali ya Mozambique ya nyanja ya Niassa inalowamo mu 2011. Pa pepala ndi pa mapu, ntchito yayenda.

Pamene pavuta ndi pa funso loti mtolo wa kuteteza ausenze ndani. M'dziko muno, pafupifupi nsomba 9 mwa 10 zilizonse zimagwidwa ndi asodzi ang'onoang'ono a mabwato opalasa ndi a matanga. Malamulo a usodzi a chaka cha 2020 analetsa kupha akamba a m'nyanja, dugongo ndi mitundu ina ya shaki, ndipo anaika chaka cha 2024 kuti ndi pamene khoka lokokera ku gombe liyenera kusiyidwa. Chaka chilichonse pamakhalanso miyezi ya veda, pamene kugwira kamarau kumatsekedwa kuti aswane. Ukonde wa chicocota, umene ku Sofala amausoka ndi masikito otetezera udzudzu, ndi woletsedwa, ndipo ukagwidwa umatenthedwa. Zifukwa za malamulo amenewa ndi zoona. Ukonde wa maso aang'ono umakokolola ndi mazira omwe, ndipo wokolola chimanga chisanakhwime alibe mbewu ya chaka chamawa.

Koma munthu wa chicocota sachita zimenezi posewera. Mabanja ambiri a ku gombe anathawira kumeneko pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma mu 1992, monga momwe anthu a ku Angónia ndi Tsangano anathawira ku Dedza ndi Ntcheu, ndipo ena anakakhala kumeneko minda itawakanika. Alibe bwato lofika kutali, alibe ndalama yogulira ukonde wovomerezeka. Kumutenthera ukonde wake popanda kumupatsa njira ina ndi kumuuza kuti abwerenso usiku. Ndipo pamene iye akuthamangitsidwa pa mchenga masana, kutali kumene diso silifika kumadutsa sitima zakunja zopanda chilolezo, zina zitazimitsa makina oonetsa pamene zili. Sitima imodzi yotere ingathe kunyamula pa ulendo umodzi nsomba zimene mudzi wonse wa asodzi sungagwire pa chaka.

Dziko lino linayesapo kugula zombo zolondera gombe ndi zogwira atum, ndipo mapeto ake aliyense akuwadziwa. M'chaka cha 2013 kampani ya EMATUM inatenga ngongole ya madola 850 miliyoni, gawo limodzi la ngongole zobisika zoposa madola 2 biliyoni. Zombo za atum zinachita dzimbiri pa doko la Maputo. Nkhaniyi itaululika mu 2016 mayiko othandiza anaimitsa thandizo lawo, metical inagwa, ndipo mlimi wa ku Tsangano amene sanaonepo atum analipira ngongoleyo pa mtengo wa feteleza, wa sopo ndi wa mafuta ophikira. Nkhuyu zodya akulu apa zinapota ana. Amene amati za nyanja sizikhudza munthu wa kumtunda akumbukire chaka chimenecho.

Chigawo cha Tete chili ndi phunziro lake pa nkhani yoteteza zachilengedwe. Ntchito ya Tchuma Tchato inayamba m'chaka cha 1994 ku Bawa, m'boma la Mágoè, ndi mfundo yosavuta: nyama za m'tchire zikabweretsa ndalama, gawo lina lifike m'manja mwa anthu okhala nazo. Pamene gawolo linkafika, anthu eni ankaulula opha nyama mozemba. Pamene linkachedwa kapena kusowa m'njira, misampha inkabwereranso. Lamulo la dziko lino limati magawo 20 pa 100 a misonkho ya nkhalango ndi nyama apite kwa anthu a m'deralo, ndipo midzi yambiri ya m'malire ikudziwa kusiyana kwa zimene lamulo limanena ndi zimene zimafika pa bwalo la mfumu. Asodzi a ku Inhassoro ndi Angoche si osiyana ndi alimi a ku Bawa. Adzasunga chimene akuona kuti ndi chawo.

Umboni wake ulipo. Pa chilumba cha Mbenji m'nyanja ya Malawi, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, popanda pangano lililonse la ku New York, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi la kwawo. Ku Madagascar, m'mudzi wa Andavadoaka, asodzi anayesa m'chaka cha 2004 kutseka malo ogwirako polvo, nyama ija ya miyendo 8, kwa miyezi ingapo. Potsegula anapeza zazikulu ndi zolemera kuposa kale, ndipo njirayi inafalikira mpaka ku zilumba za Quirimbas. Mchewa sadabwa nazo zimenezi. Msitu wa kumanda umaima wobiriwira pakati pa minda yometedwa, wopanda mlonda wa mfuti, chifukwa mudzi wonse unagwirizana kuti nkhwangwa siilowamo.

Choncho chofunika kwa boma ndi kwa mabungwe akunja obweretsa ndalama za kuteteza nyanja ndi chodziwikiratu. Lamulo liyambe kuluma sitima yaikulu lisanalume bwato. Mayina a sitima zonse zopatsidwa chilolezo, eni ake ndi ndalama zimene zalipira, zilengezedwe poyera kuti aliyense athe kuwerenga. Mozambique ali m'pangano la FAO limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, lolola dziko kukaniza sitima yakuba nsomba kulowa pa doko kapena kutsitsa katundu wake. Mphamvu imeneyo igwiritsidwe ntchito pa Maputo, Beira ndi Nacala mosayang'ana mbendera ya sitimayo. Mayiko a SADC anasankha Mozambique kuti asunge likulu lawo lolondera usodzi, ku Katembe, ndipo dziko losunga likulu lotere silingakhale lomalizira pa kulonda madzi ake omwe. Malo atsopano akamapatulidwa kuti chiwerengero cha 30 pa 100 chikwane, makomiti a asodzi a m'midzi, aja amatchedwa CCP, akhalepo pojambula malire, osati kuitanidwa kudzaomba m'manja malirewo atajambulidwa kale. Ndipo wolandidwa khoka apatsidwe ukonde wovomerezeka kapena ngongole yoyambira ntchito ina nyengo ya veda isanafike.

Anthu a kumtunda nawo ali ndi mbali yawo, ndipo mbali imeneyi siidikira msonkhano wa mayiko. Chicocota sichili ku Sofala kokha. Masikito amene amayi oyembekezera amalandira ku chipatala akuoneka akukokedwa m'maiwe a Revúbuè ndi m'magombe a Cahora Bassa, ndipo banja limaluza pawiri: malungo m'nyumba, nsomba kutha mu mtsinje. Katupe akuthiridwabe m'madziwe nthawi ya chilimwe, nkupha zazikulu ndi zazing'ono zomwe pofuna ndiwo ya tsiku limodzi. Madimba afika mpaka m'madzi, bango ndi mikuyu ya m'mbali mwa mtsinje zitazulidwa. Zonsezi zili m'manja mwa mafumu ndi anyakwawa, amene amagawa malo a dimba ndipo amadziwa ndi dzina lomwe munthu amene amatsuka golide kumtunda kwa chitsime cha mudzi. Mvula isanayambe chaka chino, nkhani ya mtunda woyenera kusiyidwa pakati pa khasu ndi madzi ikambidwe pa bwalo, ndipo a zaulimi a m'boma afikeko ndi mbande za mitengo ndi nsungwi zobzala m'mbali mwa mitsinje.